Ndi Ana pa Msewu wa Malamulo: Mbombwe, Zomba, Blantyre, Lilongwe

Lolemba

Tafika bwino ku Zomba ndipo ana onse ali bwino, makolo musade nkhawa. Monga ndinalonjezera, madzulo alionse ndizilemba zimene taona.

Gulu lathu ndi la ana a Sitandade 7 ndi 8 a kalabu ya za unzika, aphunzitsi awiri, ndi mayi mmodzi wa komiti ya makolo. Ana amenewa mutawadzutsa pakati pa usiku n'kuwafunsa nthambi zitatu za boma, angakuyankheni asanatsegule n'komwe maso: aphungu amapanga malamulo, pulezidenti ndi nduna amayendetsa boma, makhoti amatanthauzira malamulo. Mayeso amakhoza. Koma teremu yathayi nditawafunsa kuti anditchulire munthu mmodzi yekha amene malamulo oyendetsera dziko anamuteteza, kalasi yonse inangoti zii. Ulendowu unayambira pamenepo.

Tisananyamuke ndinawapatsa pepala kuti alembe okha malamulo a ulendo. Anakangana mpaka thukuta, koma zotuluka zake n'zomveka. Mtsogoleri wa ulendo azisankhidwa m'mawa uliwonse, ndipo munthu mmodzi asalamule masiku oposa awiri otsatizana. Pakhale oweruza atatu. Mipando ya pawindo izisinthana. Lamulo lisasinthidwe pokhapokha ana awiri mwa atatu alionse atavomera. Kamtsikana kena ka Sitandade 7, kochepa thupi koma kosatha mafunso, kanawonjezera kuti aphunzitsi nawonso asaine. Tasaina, ndipo pepalalo talimata kuseri kwa mpando wa adalaivala.

Malo oyamba kuima anali Mbombwe, ku mishoni ya PIM (Providence Industrial Mission), m'boma la Chiradzulu. Nkhope ya John Chilembwe ana amaiona pa ndalama, ndipo 15 Januwale amaikonda poti sapita kusukulu, koma ambiri sankadziwa kuti malowa alipodi, oti munthu n'kupondapo. Chilembwe anatsegula mishoniyi mu 1900 atabwerako ku America kumene anakaphunzira. Tchalitchi chake asilikali a atsamunda anachiphulitsa kuukira kwa pa 23 Januwale 1915 kutalephereka. Chimene chaima lerochi chinamangidwa pambuyo pake, Dr Daniel Malikebu atatsegulanso mishoni mu 1926.

Za nkhondoyo sindinatalikitse, m'mabuku awo muli. Ndinawauza za kalata imene Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914, yodandaula kuti anthu akuda akutengedwa kukafera nkhondo ya eni ake pamene pa nthawi ya mtendere sawerengedwa kanthu. Anthu ankakhoma msonkho wa nyumba, ankagwira thangata m'minda ya azungu ku Magomero, ankasenza katundu wa asilikali, koma m'bungwe lopanga malamulo limene linakhazikitsidwa mu 1907 munalibe wakuda ndi mmodzi yemwe. Ankawalankhulira mmishonale wachizungu. Mnyamata wina wamtali, amene nthawi zambiri salankhula, anafunsa kuti, “Aphunzitsi, ndiye anthuwo anali nzika kapena ayi?” Ndamuuza kuti funso lakelo alisunge, tiyenda nalo.

Lachiwiri

Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo aphungu anapitiriza kukumana kuno mpaka 1994 ngakhale maunduna anali atasamukira kale ku Lilongwe. Nyumba ya Malamulo yakale ili m'munsi mwa phiri, pakati pa mitengo italiitali. Ana itawagwiritsa mwala. “N'kameneka?” Ankayembekeza chinyumba cha pa TV chija. Tinakhala pa udzu panja, ndipo ndinawafotokozera zimene zinachitika kuno m'Zomba chaka ndi chaka.

Amalawi oyamba kulowa m'bungwe lopanga malamulo analowa mu 1949, ochita kusankhidwa ndi bwanamkubwa. Mu 1956 analowa asanu, mwa iwo Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, anyamata amene mafunso awo ankasowetsa mtendere atsamunda. Kenako chisankho cha 1961, kenako ufulu pa 6 Julaye 1964. Pasanathe miyezi itatu, mu Seputembala, nduna zinasemphana ndi Dr Banda. Orton Chirwa, Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo anachotsedwa, ena anatula okha pansi maudindo, ndipo ambiri anathawira kunja. Mu 1966 kunabwera malamulo atsopano oyendetsera dziko amene anakhazikitsa chipani chimodzi n'kuchotsa mndandanda wa maufulu umene unali m'malamulo a 1964. Mu 1971 pulezidenti anakhala wamuyaya.

Apa m'pamene ndinkafuna kuti ana aime aganize. Pa nthawi yonseyi malamulo oyendetsera dziko analipo, olembedwa bwinobwino, osindikizidwa ndi boma. Aphungu ankakumana, makhoti ankatsegula. Nthambi zitatu zimene amaloweza zija zinalipo zonse. Chimene chinalibe ndi malire a munthu wapamwamba. Mwana akangophunzitsidwa kuti dziko liyenera kukhala ndi malamulo, sanaphunzire kanthu, pakuti 1971 anali nawo. Ayenera kufunsa kuti malamulowo akumanga ndani.

Amene anagwira mitima ya ana si ine, ndi mayi a komiti aja. Anali mtsikana m'zaka za m'ma 1980, ndipo anayamba kukamba okha popanda wowapempha. Anati popanda khadi la chipani sunkakwera basi kapena kulowa mumsika, a Yufi, achinyamata a chipani, amakhala ataima pakhomo, ndipo amayi ena ankauzidwa kuguliranso mwana wakumbuyo. Kenako analoza miyendo ya atsikana athu, ambiri atavala mathalauza poti ndi ulendo, n'kunena kuti, “Nonsenu mukanagona m'chitokosi.” Atsikana anadziyang'ana, ena n'kuseka poganiza kuti ndi nthabwala. Si nthabwala. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo linachotsedwa mu 1993. Mtsikana wina anakoka mwendo wa thalauza lake ngati akuliona koyamba, n'kufunsa chapansipansi, “Amayi, ndiye munkangomvera?” Mayiwo anati, “Mwanawe, ukanakadandaula kwa ndani?”

Masana tinadutsa pa ndende yaikulu ya Zomba osatsika. Orton Chirwa, amene anali nduna yoyamba ya zachilungamo, anafera m'menemo mu Okutobala 1992. Iye ndi mkazi wake Vera, loya woyamba wachizimayi m'dziko muno, anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983 ndi bwalo lamakolo limene silinkalola woimbidwa mlandu kukhala ndi loya. Vera anatuluka mu Januwale 1993. Ndinawauzanso za Mikuyu, kunja kwa tauni, kumene anthu ankasungidwa zaka popanda kuzengedwa mlandu. Mphunzitsi wa ku Chancellor College, Jack Mapanje, anakhalako kuyambira 1987 mpaka 1991 osauzidwa n'komwe cholakwa chake m'khoti.

Mnzanga amene tikuyenda naye anandikokera pambali n'kunena kuti zimenezi n'zolemera kwa ana, komanso makolo ena angati tikuwalowetsa ndale. Nkhawa yake ndikuimva. Ana ndawauzanso kuti Kamuzu yemweyo anathetsa chitaganya mu 1963, anamanga misewu, zipatala ndi yunivesite, ndipo agogo awo ambiri amamukumbukira ndi ulemu. Sindikuphunzitsa mwana kudana ndi munthu. Koma kubisa Mikuyu n'kumuuza mwana kuti aloweze ufulu wa womangidwa, kuli ngati kumumwetsa mankhwala osamuuza matenda.

Choncho titabwerera kumene tikugona ndinatsegula Mutu 4 wa malamulo athu a lero, wa ufulu wachibadwidwe, pa ndime 42. Womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene akumva. Ali ndi ufulu wokhala chete ndi wopeza loya. Afike naye kukhoti pasanathe maola 48. Mwana asasungidwe pamodzi ndi akuluakulu. Ndikawerenga mfundo imodzi, ana ankatchula okha amene inamusowa: iyi ya a Chirwa, iyi ya ku Mikuyu. Sindinawauze kutero.

Tamaliza ndi mmene zinasinthira. Kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula boma inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. Chakufwa Chihana anamangidwa pa bwalo la ndege mu Epulo. Pa 14 Juni 1993 kunali riferendamu, tambala wakuda wa chipani chimodzi ndi nyali ya matipate, ndipo anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha nyali. Chisankho chinachitika pa 17 Meyi 1994, malamulo atsopano n'kuyamba kugwira ntchito tsiku lotsatira, poyamba mongoyembekezera, kenako mokhazikika mu 1995. Ana awerengera n'kupeza kuti makolo awo ena ndi aakulu kuposa malamulo a dziko. Zimenezi zawaseketsa kwambiri.

Lachitatu

Lero tinali ku Blantyre, ku bwalo lalikulu la milandu ku Chichiri. Tinalemba kalata kalekale, ndipo anatilola kukhala kumbuyo m'chipinda china kwa kanthawi. Ana ankayembekeza kukuwa ndi kuloza zala. Anapeza maloya akuwerenga mapepala motsitsa mawu, kutchula manambala a ndime, mlandu n'kuimitsidwa kuti udzapitirire tsiku lina. Ena anayamba kuwodzera. Sindinawadzudzule. Ntchito ya malamulo yambiri ndi yotero, ndipo ndi bwino aidziwe mmene ilili.

Komabe anaona zimene ine ndinasiya kuziona. Woweruza akulowa, aliyense anaimirira. Titatuluka kamtsikana ka mafunso kaja kanandigwira mkono: “Aphunzitsi, mwaona? Ngakhale apolisi anaimirira!” Kwa iye wapolisi ndiye mapeto a mphamvu zonse, ndipo lero waona wapolisi akuweramitsa mutu pamaso pa munthu wopanda mfuti.

Loya wina wachitsikana anavomera kucheza nafe panja pamthunzi. Anafotokoza mwachidule makwerero a makhoti, kuyambira kwa majisitireti, kukwera ku bwalo lalikulu, mpaka ku bwalo la apilo la Supreme, ndi kuti nkhani yokhudza malamulo oyendetsera dziko imamvedwa ndi majaji osachepera atatu. Kenako anasiya makwerero n'kukamba milandu.

Woyamba unali wa bambo wogulitsa majumbo muno mu Blantyre amene anamangidwa mu 2015 akupita kukagulitsa m'bandakucha. Anamumanga ndi lamulo la vakabu, lochokera nthawi ya atsamunda, limene linkalola wapolisi kugwira munthu pongomuganizira. Bamboyo sanangolipira n'kuiwala. Nkhani inafika ku bwalo lalikulu, ndipo mu Januwale 2017 majaji anagamula kuti ndime imeneyo ikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko, choncho ilibe mphamvu. Loyayo anawaonetsa ndime 5, imene imanena zomwezo: lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chosemphana ndi malamulo aakuluwa n'chopanda ntchito. Ana anafunsa kawiri ngati analidi wogulitsa majumbo.

Wachiwiri ndiwo unawadzutsa onse, poti ndi wa ana anzawo. Ana a Chirasta ankabwezedwa m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. Mu Meyi 2023 bwalo lalikulu ku Zomba, pamaso pa Jaji Zione Ntaba, linagamula kuti kuwabweza n'kuphwanya ufulu wawo wa maphunziro ndi wa chipembedzo. Manja anakwera m'mwamba nthawi yomweyo. Ndiye kuti yunifolomu n'kusiya? Kumeta n'kukana? Loyayo anaseka n'kuwatsegulira ndime 44, yonena kuti maufulu ambiri angathe kuikidwa malire ngati malirewo ali m'lamulo, ndi omveka, ndiponso ndi ofunikadi m'dziko la demokalase. Anawapatsa ntchito: atenge lamulo limodzi la kusukulu, anene chifukwa chake lilipo, aone ngati chifukwacho chikukwanira. La kufika nthawi yabwino linapambana mosavuta. La kubweza mwana chifukwa alibe nsapato linagwa.

Kenako mnyamata wina anafunsa za chikwapu, akundiyang'ana m'mbali. Loyayo sanazembe. Anatchula ndime 19 ya ulemu wa munthu, ndi ndime 23 imene imateteza mwana ku chilango kapena ntchito yovulaza thupi lake, maganizo ake kapena maphunziro ake. Ife aphunzitsi tinangoti duu. Akuluakulu ambiri amene amati ana aphunzire malamulo amafuna ana aphunzire kumvera basi. Koma sungamuphunzitse mwana kuti pulezidenti ali ndi malire, iwe mwini n'kumakhala wopanda malire m'kalasi kapena pakhomo. Mwana amaona. Amene akuopa funso la chikwapu asayambe n'komwe phunziroli.

Mlandu wachitatu ana ena amaukumbukira pang'ono, anali aang'ono: tsiku limene wailesi inalankhula kuyambira m'mawa mpaka mdima akuluakulu osachoka pamenepo. Linali 3 Febuluwale 2020, pamene majaji asanu, Healey Potani, Ivy Kamanga, Dingiswayo Madise, Redson Kapindu ndi Michael Tembo, anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha Meyi 2019 chifukwa cha zolakwika zambiri, kuphatikizapo tipeksi pa mapepala a zotsatira. Anagamulanso kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. Bwalo la apilo linagwirizana nawo mu Meyi, chisankho n'kubwerezedwa pa 23 Juni. Sitinakambe za zipani, ndipo ana sanafunse.

Lachinayi

Lero linali tsiku longoyenda, Blantyre mpaka Lilongwe, koma mwina ndi limene ana aphunzira kwambiri.

Zinayamba tisanakwere basi. Mnyamata amene watsogolera Lachiwiri ndi Lachitatu wagwira ntchito bwino, zimenezo palibe angatsutse. Amawerenga anzake pa malo alionse, dzulo anapeza chikwama chimene chinatsala, ndipo sakondera pa mipando. Anzake anabwera ndi ganizo loti lamulo la masiku awiri lichotsedwe, poti munthu wabwino n'kumusiyiranji. Anandiyang'ana kuti ndinenepo kanthu. Ine ndinaloza pepala lija n'kukhala pansi.

Mtsutso unali wotentha. Mfundo imene inandigwira inachokera kwa mtsikana wa Sitandade 8 amene ndi mnzake wa mnyamatayo. Anati iyenso akumufuna, koma lamulo likachotsedwa lero chifukwa cha wabwino, mawa akadzalowa wovuta adzapeza khomo lili chitsegukire, nanga adzamutulutsa ndani? Anavota. Ofuna kusintha anachuluka, koma sanafike awiri mwa atatu. Pamenepo phokoso linabuka: tapambana ndife, ochuluka ndife! Nkhani inapita kwa oweruza atatu aja, amene anakakhala pa mwala paokha, pepala lili m'manja, nkhope zili gwa. Anabwerako n'kugamula kuti kuchuluka kokha sikukwanira, zimene zinalembedwa zitsatidwe. Mnyamatayo anakhala chotupa mpaka pa Zalewa.

Titawoloka Shire ndinawauza za 2002, pamene biilu yochotsa malire a matemu awiri a pulezidenti inafika m'Nyumba ya Malamulo nthawi ya Bakili Muluzi. Mipingo inakana, anthu m'matauni ankaliza mahutala a galimoto, ndipo mu Julaye biiluyo inagwa itaperewera mavoti atatu okha. Ndime 83 ikadali yomweyo: zaka zisanu, matemu awiri otsatizana. Mnyamata uja anatembenuka n'kufunsa ngati Muluzi naye anakwiya. Basi yonse inafa ndi phwete, iyenso n'kuseka.

Pa mphambano ya ku Mwanza ndinatchula mayina anayi, Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, nduna zitatu ndi phungu amene anagwidwa ku Zomba mu Meyi 1983 n'kupezeka atafa ku Thambani. Boma linati ndi ngozi ya galimoto. Kafukufuku amene anachitika matipate atabwera anapeza kuti anachita kuphedwa. Sindinawonjezere zina.

Kupitirira Ntcheu kulowera ku Dedza msewu umayenda m'malire enieni. Pa Lizulu tinaima, ndipo ndinawauza kuti mbali iyi ndi Malawi, tsidya la msewu ndi Mozambique. Sanakhulupirire. Anthu a mbali zonse akulankhula chimodzimodzi, akuwoloka mmene akufunira, nyumba zofanana. Ana awiri anakhala m'mphepete mwa phula akuyang'ana mnyamata wa msinkhu wawo amene ankakankha njinga tsidya linalo, n'kumatsutsana ngati ndi Mmalawi. Pankhope sungadziwe, pa chilankhulo sungadziwe. Ndinawauza kuti unzika umachokera m'malamulo: mwana amautenga kwa bambo kapena mayi amene ndi nzika, wina amachita kufunsira, ndipo ndime 47 imaletsa kumulanda munthu unzika mwachisawawa. Ndime 23 imati mwana aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi dzina ndi dziko. N'chifukwa chake kalata ya kubadwa si pepala wamba, ndipo pa zaka 16 adzafunika kukatenga chitupa cha unzika. Ndinafunsa amene anaionapo kalata yake ya kubadwa. Manja anali owerengeka. Makolo, ifufuzeni muwaonetse.

Kamtsikana kaja kanafunsa ngati mnyamata wa njingayo, atakhala wa ku Mozambique, apolisi athu angamumenye poti si wathu. Tinatsegulanso Mutu 4 ndipo anaona yekha kuti ndime zambiri zimati “munthu aliyense”. Kuimira pa chisankho ndiko kumafunsa za unzika. Ulemu wa munthu ndi moyo wake sizifunsa chitupa.

Lachisanu

Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe sinawagwiritse mwala. Inamangidwa ndi thandizo la dziko la China n'kutsegulidwa mu 2010, ndipo ana anayamba kujambulitsa tisanalowe n'komwe pachipata. Aphungu sakukumana sabata ino, choncho tinaona chipinda chopanda anthu. Zinatithandiza, chifukwa wotiperekeza anali ndi nthawi yoloza chilichonse: mpando wa Sipikala, mbali ya boma kudzanja lake lamanja, otsutsa kumanzere, tebulo limene amaikapo ndodo yaulemu nyumba ikamakumana, ndi m'mwamba mmene anthu wamba amakhala n'kumamvetsera. Ana sankadziwa kuti munthu wamba amaloledwa. Aphungu anali 177 mu 1994, kenako 193, ndipo kuyambira chisankho cha 2025 madera ndi 229.

Ndinawafunsa ntchito ya phungu. Mayankho: kugula mabokosi a maliro, kulipirira ana fizi, kunyamula odwala. Palibe anatchula malamulo, ngakhale amakhoza mayeso aja. Si vuto lawo, akunena zimene amaona, ndipo ndife akuluakulu amene timapita pakhomo pa phungu ndi mavuto amenewo. Wotiperekeza anafotokoza ntchito zitatu: kupanga malamulo, kuvomereza bajeti, ndi kufunsa nduna mmene ndalama zayendera. Ine ndinawonjezera kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna mavoti. Ana anayang'anana ngati ndikunena za dziko lina.

Ulendo wa biilu tinausewera pabwalo. Kuwerengedwa koyamba, kuwerengedwa kachiwiri kumene kuli mtsutso waukulu, kuunika ndime ndi ndime, kuwerengedwa kachitatu, kenako kwa pulezidenti amene ali ndi masiku 21 oti asaine kapena abweze ndi zifukwa. Akabweza aphungu n'kuivomerezanso, ayenera kusaina. Amene anasewera upulezidenti anakana kukhulupirira mfundo yomalizayi mpaka anaiwerenga yekha pa ndime 73.

Chitsanzo chimene ndinasungira malo ano ndi cha ukwati wa ana. Mu 2015 aphungu anakhazikitsa lamulo la maukwati loika zaka 18. Koma malamulo oyendetsera dziko ankalolabe wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera, ndipo ankati mwana ndi wosafika zaka 16. Ndinafunsa kuti pamenepo lopambana ndi liti. Anayankha onse pamodzi, za wogulitsa majumbo zikadali m'mutu. N'chifukwa chake panafunika kusintha malamulo aakuluwo, ndipo mu Febuluwale 2017 aphungu anasintha ndime 22 ndi 23 m'chipinda chimene tinali titangotulukamo. Atsikana ambiri anaikankha nkhaniyi asanafike pa msinkhu wovota, pamodzi ndi mafumu ngati Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza imene inathetsa maukwati ambiri a ana. Atsikana athu anamvetsera mwa mtundu wina. Ena mwa iwo ali ndi anzawo amene anasiyira sukulu mu Sitandade 6.

Sindinafune achoke akuganiza kuti buku limeneli ndi langwiro. Mnyamata wina anafunsa ngati anthu angachotse phungu amene wasowa kudera. Poyamba ndime 64 inkalola zimenezo, koma aphungu anaichotsa mu 1995. Nyumba yachiwiri ya Seneti, mmene mukanakhala mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana, inachotsedwa mu 2001 isanakhalepo n'komwe. Ndime 65, yoti phungu wosintha chipani ataye mpando, yakhala ikukanganitsa anthu zaka zambiri. Mnyamatayo anati, “Ndiye amadzikonzera okha?” Ndinati nthawi zina inde, ndipo n'chifukwa chake mitu ina, monga wa ufulu wachibadwidwe, ndime 196 inaitchinga kuti kusintha tanthauzo lake kudutse kwa anthu pa riferendamu.

Wamtali wa ku Mbombwe uja anabwera yekha pamene tinali kudikira basi. Anali atapeza ndime 12, yonena kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a Malawi ndipo olamulira amangosungitsidwa. Anati ndiye kuti anthu a nthawi ya Chilembwe sanali nzika, anali olamulidwa chabe, chifukwa palibe anawabwereka mphamvu. Kenako anafunsa ngati iye ndi nzika kale kapena adikire zaka 18. Ndinamuuza kuti kuvota adikire 18, uphungu 21, upulezidenti 35, koma unzika ali nawo kale, ndipo ali ndi ufulu wolankhula, wofunsa ndi wodandaula lero lomwe.

Tinadutsa pa chiliza cha Kamuzu pafupi pomwepo, n'kuona Capital Hill tili m'basi. Ana anali atatopa, ndipo maofesi ndi maofesi.

Loweruka

M'mawa uno, katundu atalongedzedwa, ana anapempha ola limodzi. Akufuna kulemba kalata yokhudza zimbudzi za atsikana kusukulu, zimene zilipo zochepa ndipo zina zilibe zitseko. Nkhaniyi akhala akuinong'ona kalekale, lero aganiza zoilemba.

Mkangano unali woti ipite kwa ndani. Ambiri anati kwa pulezidenti. Ena anati kwa phungu, poti tamuonera mpando wake dzulo. Mayi a komiti anawakumbutsa kuti sukulu za pulayimale zili m'manja mwa khonsolo, ndipo pali khansala amene anasankhidwa tsiku limodzi ndi phungu ndi pulezidenti, amene amakhala pafupi kuposa onsewo. Ana ambiri sankamudziwa dzina. Agwirizana kuti kalata ipite kwa khansala kudzera kwa ahedi ndi komiti ya sukulu, ina yofanana nayo ipite kwa phungu.

Kalembedwe kake ndawasiyira. Oyamba analemba mopempha ngati akupempha chifundo, mtsikana wa Sitandade 8 uja n'kufafaniza “chonde tichitireni chisoni” kuikapo ndime 25 ya ufulu wa maphunziro. Wina anati ikumveka yamwano, akuluakulu akwiya. Abwezeretsa “chonde” mmodzi, ndimeyo aisiya. Awonjezeranso mzere wonena zimene iwo eni achite, kusesa ndi kusamala zitseko zikaikidwa, ndi wina wopempha yankho lolembedwa pasanathe mwezi. Asaina onse motsatira zilembo za mayina kuti pasaoneke woyambitsa.

Tinyamuka 9 koloko. Makolo mutidikire chakumadzulo, ndipo Lolemba ana awiri amene asankhidwa adzafunika chilolezo chanu kuti aperekeze ahedi kukatula kalatayo.